Mtengo wa mu guinea, ndalama imene palibe ali nayo m'thumba

Loweruka ndinaperekeza alamu anga ku okushoni ya ziweto kuno kumpoto kwa England. Iwo ndi akazi awo ali ndi kakhola ka nkhosa zochepa, ndiye amafuna yamphongo yabwino. Wotchula mitengo akubwebweta osapuma, alamu akukweza dzanja, mpaka nyundo kugunda pa 800. Popita kukalipira, mayi wa pakauntala anatipatsa pepala lolembedwa £840. Alamu akuti, "Pepani mayi, ine ndagula pa 800." Mayi uja osatekeseka n'komwe, akuti eya, maguinea 800. Nkhani yathera pomwepo, mapaundi 40 apita.

Mpaka pano mtima ukundiwira. Kodi zimatheka bwanji kutchulira munthu mtengo mu ndalama yomwe kulibe? Guinea simungaitape ku banki, simungaipeze pa makina a khadi, simungagulire nayo buledi. Khobidi lomaliza la guinea analisula mu 1813, zaka zoposa 200 zapitazo. Palibe ngakhale mmodzi mwa anthu amene anadzaza mu shedi muja, ndi zipewa zawo ndi nsapato zamatope, amene anailandirapo ngati chenji. Koma onse akugwedeza mitu ngati zili bwinobwino.

Munthu azitchuliridwa mtengo mu ndalama imene ali nayo m'thumba, basi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikalandira malipiro mu mapaundi, lendi mu mapaundi, msonkho mu mapaundi, nkhosanso mundiuze mu mapaundi. Zoti ndiyambe kuchita masamu m'mutu pamene wina akundithamangitsa ndi nyundo, ayi, zimenezo ndi zachibwana.

Ena mwa inu muyamba kale kulemba kuti safunsa anadya phula. Afunse chiyani? Ndani amafika pa msika n'kufunsa ngati mtengo ukutchulidwa mu ndalama ya amoyo kapena ya akufa? Inde zinalembedwa penapake m'kabuku kawo, timalemba ting'onoting'ono. Ndiye n'chifukwa chake ndikuti ndi msampha wa alendo. Amene anabadwira momwemo amadziwa kuti guinea imodzi ndi £1.05, ndipo paundi iliyonse imabwera ndi kamchira ka 5p. Mlendo amadziwira pa kauntala.

Akuti ndi mwambo, akuti kale wogula ankalipira maguinea (guinea inali masheleni 21), wogulitsa n'kulandira mapaundi (paundi inali masheleni 20), sheleni yapamwambayo n'kukhala ya wochititsa okushoni. Chabwino, ngati ndi komishoni, itchuleni kuti komishoni, ilembeni poyera kuti 5 peresenti. Mukuibisiranji kuseri kwa khobidi la golide lomwe linatha kalekale?

Ndipo musaganize kuti ndi tindalama tochepa. Mu 2020 ku Lanark, ku Scotland, nkhosa yamphongo ya mtundu wa Texel yotchedwa Double Diamond inagulidwa pa maguinea 350,000. Mu ndalama yeniyeni ndi £367,500. Kamchira kokhako ndi £17,500! Ku Newmarket mahatchi a mpikisano amagulitsidwanso chimodzimodzi, ndipo mipikisano yawo ikuluikulu ikutchedwabe 2000 Guineas ndi 1000 Guineas. Dzina la mpikisano ndilibe nalo vuto, lisiyeni. Olemera agulitsane mahatchi awo ngakhale mu mikanda, zawo zimenezo. Koma mlimi wamng'ono wofuna nkhosa imodzi mumuuze chimene atulutse m'thumba.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi kunyada kwake. Guinea kuyambira kale inali ndalama ya mabwana: madokotala, maloya ndi ogulitsa zithunzi zodula ankatchula mu maguinea, pamene wantchito wamba ankalandira masheleni. Ndiye mpaka lero munthu akamati "guineas" amakweza kaphewa. Akunyadira chiyani? Khobidilo linayamba mu 1663, nthawi ya Charles II, ndi golide wochokera ku gombe la Guinea ku West Africa. Ena mwa makobidiwo anali ndi kanjovu pansi pa mutu wa mfumu, chizindikiro cha kampani yomwe inkabweretsa golideyo, Royal African Company, yomweyonso inkanyamula anthu akuda kukawagulitsa ngati akapolo. Mwambo womwe akuukakamira ndi umenewo.

Mu 1717 anakhazikitsa kuti guinea ndi masheleni 21. Mu 1971 dziko lino linasiya kuwerenga ndalama mu masheleni, chaka chomwecho ife kwathu tinayamba kwacha ndi tambala. Agogo athu anapitiriza kunena kuti paundi potanthauza K2, koma zinapita nawo. Lero mukapite kukagula mbuzi pa msika uliwonse kwathu, palibe angakutchulireni masheleni. Kuno, kwa anthu ophunzira, ndiye akukanika kuisiya ndalama yomwe ngakhale agogo a agogo awo sanagulirepo mchere.

Si guinea yokhanso ayi. Mafuta a galimoto akugulitsa mu malita, koma galimoto akuti imayenda mamailosi akutiakuti pa galoni. Ukafunsa munthu kulemera kwake akuti "eleven stone". Miyala 11 yake iti? Anaitola kuti?