Ndalama za kafukufuku zokha sizikwanira

A mtolankhani, mwalemba kuti maboma akangowonjezera ndalama za kafukufuku, maantibayotiki atsopano apezeka. Apa ndikutsutsani. Vuto lalikulu limayamba mankhwalawo atapezeka kale.

Taonani kampani ya ku America ya Achaogen. Boma la kumeneko linaithandiza ndi ndalama, mankhwala ake a plazomicin anavomerezedwa mu 2018, koma pofika 2019 kampaniyo inali itagwa. Sikuti mankhwalawo sankagwira ntchito ayi. Dokotala wosamala amasunga antibayotiki watsopano, n'kumupereka pokhapokha ena onse akakanika, kuopa kuti mabakiteriya angamuzolowere msanga. Choncho amagulidwa pang'ono, komanso wodwala amangolandira masiku owerengeka, kusiyana ndi mankhwala a shuga kapena a BP omwa moyo wonse. Phindu lichokera kuti?

N'chifukwa chake mu 2022 a NHS, bungwe la boma loyendetsa zaumoyo ku England, anayamba kulipira makampani ndalama yokhazikika, mpaka mapaundi 10 miliyoni pachaka pa mtundu umodzi wa mankhwala, kaya agwiritsidwa ntchito kwambiri kaya pang'ono.

Chimandiwawa ine n'choti zonsezi zimakambidwa kumayiko olemera, chonsecho kuno makanda akumwalira ndi matenda a m'magazi osamva antibayotiki wa ceftriaxone. Mgwirizano wa 2022 wa GARDP, bungwe lothandiza kupeza maantibayotiki atsopano, ndi kampani ya mankhwala ya ku Japan ya Shionogi, wofuna kufikitsa antibayotiki watsopano wa cefiderocol kumayiko 135 ndi wolimbikitsa. Koma chonde kafunseni ku Unduna wa Zaumoyo: ndi zipatala zingati za m'maboma zomwe zili ndi labotale yoyeza kuti bakiteriya amene wagwira wodwala akumva mankhwala ati?