Lekani kupatsana makiyi a nyumba pageti

Ana anga a muno m'Chipata, khalidwe lopatsana makiyi a nyumba ya lendi pageti ngati mukugulitsana tomato pamsika wa Kapata lithe. Munthu walipira lendi ndi dipoziti, walowa ndi katundu usiku, osasuzumira n'komwe kubafa. Tsiku lotuluka ndiye phokoso mpaka aneba kudzaonerera: "Galasi ili ndinalipeza losweka kale!" "Bodza, mwaswa ndinu!" Mboni palibe, pepala palibe, mapeto ake anthu opemphera tchalitchi chimodzi akukokerana kukhoti.

Chimene chimakupwetekani ndi manyazi. Mumati mukayamba kujambula, a landilodi aziti simukuwakhulupirira. Kodi manyaziwo adzakubwezerani dipoziti?

Katundu asanatsike m'galimoto, dzuwa likadalipo, yendani nonse awiri chipinda ndi chipinda. Foni muli nayo, jambulani ming'alu ya pakhoma, maloko ndi masoketi. Kwezani maso kusiling'i. Wolowa mu Ogasiti saona denga likudontha, koma mabala achikasu aja akukuuziranitu zomwe mudzaone mu Januwale, ndipo mukapanda kuwajambula adzati siling'i mwaoletsa ndinu. Gogodani mafelemu a zitseko, akamveka kuti m'kati mulibe kanthu ndiye kuti chiswe chinadya kale. Tsegulani mpopi uliwonse. Pa mita ya ZESCO jambulani mayuniti otsala. Ya madzi ndiye musaiphonye, lembani manambala ake ndipo muone ndi maso anu bilu yomaliza ya Eastern Water, chifukwa ngongole ya amene anatuluka imatsala panyumba pomwepo, odulidwa madzi mudzakhala inu ndi ana anu.

Zonsezi zilembedwe papepala lokhala ndi deti, musaine nonse pamodzi ndi mboni, aliyense asunge lake. Zithunzi mutumizirane pa WhatsApp tsiku lomwelo. Potuluka mubwereze ulendo womwewo, pepala lija lili m'manja.

Nanunso eni nyumba, kaya ku Kalongwezi kaya ku Mchini, ndisakusiyeni. Penti wosuluka patapita zaka si mlandu wa wa lendi, n'kukalamba kwa nyumba yanu, musadyerepo dipoziti ya mwana wa mnzanu. Ndipo inu a lendi okhoma misomali khoma lonse, osiya ana akulemba ndi makala pabalaza, kenako n'kusamuka pakati pa usiku makiyi ali m'thumba, mukuvutitsa anzanu osalakwa. Eni nyumba ena ayamba kukana mabanja a ana ang'onoang'ono chifukwa cha inu.