Musamuphe kalulu wamkazi, chikupha ana ndi chisanu

Anzanga oweta akalulu kuno ku Mchinji, ndiloleni ndilankhule zomwe zakhala zikundiwawa Juni yense uno. Sabata yatha mnansi wanga wina cha kuno ku Kamwendo wapha kalulu wake wamkazi n'kudyera nsima, ati ngosadziwa kulera, chifukwa ana ake onse 7 anafa atangotha masiku awiri. Nditapita kukaona khola lija mtima unandipweteka. Pansi ndi nsungwi zotalikirana, mphepo ikungolowera mmenemo. Mbali yomwe kumachokera mwera ili pululu. Bokosi loberekeramo mulibe, udzu mulibe. Ndiye wolakwa akhale kalulu?

Mwana wa kalulu amabadwa wopanda ubweya, maso ndi makutu zili zotseka, ndipo kathupi kake sikatha kudzitenthetsa kokha. Komanso kalulu si nkhuku, safungatira ana. Amalowa m'chisa kamodzi kapena kawiri pa tsiku, kawirikawiri usiku kapena m'bandakucha, kuyamwitsa mphindi zochepa chabe, basi watuluka. Ukamuona wakhala patali ndi ana masana onse usati wawataya, ndi chibadwa chake. Chomwe chimawasunga anawo ndi ubweya womwe mayi amadzizula pachifuwa ndi pamimba, ndi kuunjikana kwawo okhaokha pansi pa ubweyawo.

Chinthu china chomwe ambiri sitichidziwa n'choti kalulu sanyamula mwana pakamwa ngati mphaka kapena galu. Mwana akakakamira kubere mayi akutuluka, n'kugwera kunja kwa chisa, palibe womubweza. Amagona pomwepo. Ndi kuzizira kwa m'mawa wa Juni ndi Julayi, makamaka ife oyandikana ndi madambo a Bua, pofika kokacha amakhala atauma gwa.

Apa ndi pomwe ndimatsutsana ndi zomwe tinakula tikumva, zoti ukagwira ana a kalulu mayi wawo amawakana kapena kuwadya. Ine ndinkazikhulupirira kwambiri, ndipo zinanditayitsa ana ambiri. Ndinkangoyang'ana kamwana kali pakona kokha, manja ndapinda kumbuyo, kuopa kukagwira, mawa lake n'kukakwirira. Masiku ano m'mawa uliwonse ndimasamba m'manja popanda sopo wonunkhira, ndimayamba ndasisita mayiyo, kenako ndimavundukula ubweya n'kuwerenga ana mmodzimmodzi. Ndimaona ngati timimba tili tokhuta, wakufa ndimachotsa asanawolere anzake, ndikatero ndimafunditsanso. Kalulu wozolowera mwini wake sakana ana chifukwa cha zimenezi. Chomwe chimamusokoneza ndi ludzu, njala, makoswe, agalu ndi phokoso. Mpatseni madzi okwanira, chonde. Woyamwitsa amamwa kwambiri, madeya ndi chisoso zokha sizikwanira.

Mukapeza mwana wozizira, wosagwedezeka, musafulumire kumutaya. Ena amakhala akadali moyo. Mulowetseni m'malaya, akhudzane ndi khungu lanu pachifuwa, mudikire. Ine ndakhalapo naye mmodzi chotero ndikumwa tiyi pakhonde, pang'onopang'ono ndinamva akuyamba kupalasa timiyendo. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsanza limathandizanso. Koma pa mbaula kapena pamoto ayi, khungu lake n'lopyapyala, amapsa nthawi yomweyo. Musamukakamizenso mkaka ali wozizira. Akafunda ndi kuyamba kuyenda, m'bwezereni pakati pa abale ake.

Zokonzekera sizifuna ndalama zambiri. Bere la kalulu limatenga masiku pafupifupi 31, ndiye lembani tsiku lomwe wakwerewa, ngakhale ndi khala pakhoma, ndipo likamakwana la 28 ikani bokosi lamatabwa lokhala ndi mlomo wokwera pang'ono kuti ana asamagwe. Mudzaze udzu wofewa, wouma bwino, mayi akonza yekha. Ulusi wa matumba musaikemo, umakulunga timiyendo mpaka kudula. Mbali ya mwera tchingani ndi chiguduli, koma musatseke khola lonse, mpweya uzipita. Chisa chikanyowa ndi mkodzo sinthani udzu, ubweya wouma mubwezeremo. Ine ubweya wotsala wa akalulu obereka nyengo yotentha ya Okutobala ndimausunga m'pepala pouma, umandipulumutsa ndikapeza wobereka koyamba yemwe sanazule wokwanira.

Nkhondo yeniyeni ndi ya masiku 10 oyambirira. Akangotsegula maso ubweya umakhala utamera, mtima umayamba kukhala pansi.

Mnansi wanga uja ndamulonjeza kalulu wamkazi mmodzi mwa anga. Koma ndamuuza kuti sindimupatsa mpaka ndione bokosi ndi maso anga. Loweruka ndikupita ndi matabwa awiri otsala ndi ziguduli, tikakhomere limodzi.