Woseketsa anthu si chitsiru, amalume

Mawu awa andikhala pakhosi kuyambira Lamlungu, lero ndiwalavule basi. Amene mumathamanga kukawauza amalume zimene ndalemba pa Facebook, thamangani ndithu, koma mukawawerengere zonse osadumpha mzere.

Lamlungu lapitali mng'ono wanga anabweretsa mnyamata wake kwa amalume ku Mtendere, muno mu Lusaka, kuti abale amuone. Mnyamatayo ndi kalipentala, ali ndi kashedi kake ku Kalingalinga, kumene kuja mumaona mabedi ndi zitseko atazindandalika m'mbali mwa msewu. Anafika ndi akulu ake, anagwada, anaomba m'manja, moni wonse mwa dongosolo lake. Palibe chimene anaphonya. Kenaka anamulozera mpando uja wa pakona, umene tonse pabanjapo timaudziwa ndipo timauthawa, wa mwendo umodzi waufupi umene amauchirikiza ndi kachidutswa ka katoni. Atangokhala, mpando uja unalira kuti kweee, n'kupendekera kumanzere. Nyumba yonse zii. Mng'ono wanga thukuta kamukamu, maso pansi. Mnyamata uja anadzigwirira pakhoma, n'kunena modekha kuti, "Pepani amalume, mpandowu wayamba kundifunsa mafunso inu musanayambe. Mundilole ndipite nawo kuchipatala kwanga, Lachitatu ubwera utachira."

Tonse tinaphulika. Agogo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, agogo amene chimwalirire agogo aamuna chaka chatha sitinawaonepo mano. Mantha onse anatuluka pawindo, anthu anayamba kucheza ngati anthu. Amalume atamufunsa kuti ali ndi chiyani choti asungire mwana wa eni, anayankha kuti, "Ndili ndi manja awiri, macheka atatu ndi ngongole imodzi, ndipo pa zonsezi chaching'ono ndi ngongoleyo." Atatero anafotokoza bwinobwino za ntchito yake, ndalama zimene amapeza mwezi ukayenda bwino ndi zimene amapeza ukavuta, osabisa kanthu.

Alendo atangotuluka pageti, amalume akuti chiyani? Akuti mnyamatayu ndi wachibwana. Akuti mwamuna wanzeru saseketsa anthu. Akuti ameneyu ndi wa masewero, banja sangalisunge, mng'ono wanga afune munthu wofatsa, wachete, wooneka kuti mutu uli ndi zinthu.

Ine magazi anawira pomwepo ndipo mpaka lero sanazizire.

Amalume, ndi ulemu wonse umene ndimakupatsani ngati mwini mbumba, apa mwalakwa. Kuseketsa anthu ndi nzeru. Si kusowa kwa nzeru, ndi nzeru yeniyeniyo ikuonekera poyera. Chitsiru sichiseketsa anthu, chitsiru anthu amachiseka, ndipo izi ndi zinthu ziwiri zosiyana ngati mchere ndi shuga. Mnyamata uja sitinamuseke. Anatitenga tonse, anthu khumi ndi awiri amene tinauma ngati zitsa, n'kutimasula ndi mawu ochepa, popanda kunyoza mpando wanu, popanda kukuchititsani manyazi kuti mwakhazika mlendo pa chinthu chothyoka. Manyazi anu anawasenza iye n'kuwasandutsa chiseko. Inu mukuti chibwana?

Taganizani zimene zinachitika m'mutu mwake pa kanthawi kamene mpando unalira. Anaona kuti wagwa m'manyazi. Anaona kuti eni nyumba nawonso agwa m'manyazi. Anakumbukira kuti wabwera kudzafunsidwa mafunso. Anakumbukira kuti iye ndi mmisiri wa matabwa. Zinayi zonsezi anazimanga mtolo umodzi nthawi imene ine ndikanangoti "pepani, pepani" ngati ndaponda mwana. Mutu wochedwa sungachite zimenezo. Mutu wopanda kanthu sungachite zimenezo. Nthabwala yabwino imafuna munthu woona msanga, womva msanga, wodziwa amene ali naye pamaso ndi pamene ayenera kulekezera.

Ndipo Lachitatu mpando unabwera. Sanangoudula miyendo kuti ifanane ayi. Mwendo wodwala uja anauchotsa n'kuikapo wa mukwa, umene kumudzi timati mlombwa, wochokera ku bedi lakale limene wina anataya. Pansi pa pokhalira anapangapo kadirowa kakang'ono kotseguka cham'mbali, chifukwa anaona Lamlungu lija kuti amalume amangofunafuna magalasi awo ndi rimoti pansi pa makushoni. Palibe anamuuza. Anangoona. Diso limene linaona nthabwala mu mpando wolira ndi lomwelo linaona kadirowa pamene ife tonse zaka zonsezi timangoonapo malo opanda ntchito. Ndi mutu umodzi womwewo! Simungakonde kadirowa n'kudana ndi nthabwala, zinatuluka pa khomo limodzi.

Panopa amalume akukhala pa mpando womwewo madzulo aliwonse, magalasi ali m'kadirowa, koma mawu awo sanabweze. Izi ndiye zikundiwawa kwambiri.

Kodi si ife amene tinakulira pa zilapi? Madzulo pamoto wina amati "Chilape!" ife "Nachize!" Iye "Nyumba ya amayi yopanda khomo." Tikavutika, wina n'kufuula kuti dzira, tonse n'kuseka. Chimatiseketsa n'chiyani pamenepo? N'chakuti nyumba ndi dzira ndi zinthu zotalikirana, koma wina wazikumanitsa ndipo zagwirizana. Akuluakulu amatiphunzitsa kuganiza kudzera m'kuseka. Nthano za Kalulu nazonso, amene amapulumuka ndi uja wochenjera pakamwa, osati Njovu ndi kulemera kwake konse. Lero tikakula tikavala jekete tiziti kuseka ndi kwa ana?

Tikapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, mwezi wa August, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique atasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, kodi m'bwalo mumakhala nkhope zokwinya? Za kudambwe sindilowamo, si zanga, ndikunena zimene aliyense amaona ndi maso pabwalo. Pali zilombo zoopsa, inde, koma palinso zimene zimatuluka kudzatsanzira munthu waulesi, chidakwa, wonyada, mpaka mzungu wofiira ndi dzuwa. Anthu amaseka mpaka kugwa, koma akamabwerera kwawo aliyense amadziwa kuti chamulasa ndi chiti. Gule Wamkulu yemweyo UNESCO inamulemekeza mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Makolo athu anadziwa kuti mawu owawa amalowa bwino akakutidwa ndi chiseko. Anali achibwana makolowo?

Nanga chimbuya, ubale uja wonyozana mocheza pakati pa mitundu? Muno mu Lusaka palibe amene sadziwa. Angoni a Mpezeni ndi Abemba anamenyana nkhondo zaka za m'ma 1800, anthu anafa. Lero zidzukulu zawo zikakumana, wa kum'mawa amauza Mubemba kuti wasiya nyani pamoto, Mubemba n'kubweza kuti iwe pita ukakumbe mbewa. Zinafalikira kwa ife tonse a kum'mawa, Achewa, Ansenga, Atumbuka, tonse ndife ambuya awo. Atonga ndi Alozi nawonso ali ndi chawo. Pamaliro a agogo aamuna chaka chatha, amene anatipaka ufa kumaso ndi kumutu anali ambuya athu Achibemba. Anaphika, anatunga madzi, anatola ndalama m'mbale, uku akutinena kuti malemu athawa ngongole ya mbewa. Tinaseka misozi ili m'masaya, ndipo usiku umene uja unafupika. Amalume, inuyo munali pomwepo, ufa uli mbuu m'mutu, mukuseka. Mikondo inasanduka nthabwala ndipo mitundu iwiri ikukhala mwamtendere, ndiye muzindiuza kuti nthabwala ndi chinthu chopepuka?

Ine ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku msika wa Soweto, zimene ndikunenazi ndimaziona tsiku ndi tsiku. Tonse timatsegula mabelo ofanana, mitengo yathu siisiyana kwenikweni. Koma pali mnzanga wina pafupi nane amene katundu wake amatha dzuwa lisanapendeke. Amanyamula jekete m'mwamba n'kumati, "Iyi mwini wake anaivala kamodzi kokha, tsiku lomwelo anamukweza pantchito, bwerani muyese mwayi!" Munthu amene amangodutsa amaima, amaseka, akaseka amagwira jekete, akaigwira wagula. Ndipo ndi yemweyo amene anayamba kudula madiresi aakulu osagulika n'kusokamo masiketi awiri, ife tonse tinachita kuonera kwa iye. Woseketsa uja ndiye woyambitsa zinthu. Sizinangochitika mwangozi.

Kwerani minibasi pa Kulima Tower nthawi ya 17 koloko, muime pa mzere wa magalimoto mu Great East Road, kutentha, mwapanikizana anayi pa mpando wa atatu. Kondakitala wokwiya amayambitsa ndewu pa chenji cha K2. Kondakitala wanthabwala, basi yomweyo, kutentha komweko, anthu amatsika akumwetulira, wina mpaka kumusiyira chenjicho. Anthu amakokeka ndi munthu amene amawapeputsa mtima. Mng'ono wanga sanapusitsidwe, anaona chimene aliyense wamaso amaona. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Mnyamata uja sanaipe n'komwe, ndipo nyimbo akuidziwa.

Mwina vuto ndi loti tinazolowera kuona abwana a m'maofesi atakwinya nkhope, ndiye tinayamba kuyesa kuti kukwinyako ndiye nzeru. Kaya. Chimene ndikudziwa n'chakuti chetechete sautsa nyama. Ndawaona amuna achete, ofatsa pamaso pa apongozi ngati nkhosa, amene akazi awo amabwera kumsika atatupa diso n'kumati ndinagunda chitseko. Sindikuti wachete aliyense ndi woipa, bambo anga anali munthu wa mawu ochepa ndipo anali wabwino. Ndikuti kukhala chete si umboni wa chilichonse. Munthu akhoza kukhala chete chifukwa akuganiza zakuya, akhozanso kukhala chete chifukwa mulibemo kanthu. Koma amene wakuseketsani mwaulemu waonetsa kale poyera kuti mutu ukuyenda ndiponso kuti amaganizira amene ali nawo pafupi.

Ndipo banja limene mukuliopera lija, mukuganiza kuti limasungidwa ndi nkhope yolimba? Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi amazima pafupifupi tsiku lonse. Makina a akalipentala anangoti duu. Mnyamata ameneyu anabwerera ku zida zamanja, magetsi akabwera pakati pa usiku amadzuka kukacheka matabwa a mawa lake, ndipo mng'ono wanga akuti ngakhale masiku amenewo amafika ali ndi kankhani komuseketsa. Ufa ukatha, lendi ikakwera, mwana akadwala usiku, mkazi amafuna munthu amene angapeze njira pomwe palibe njira, amenenso angamuchotse mwala pamtima kuti agone. Kupeza njira ndi kupeza nthabwala ndi luso limodzi, ndabwerezanso, ndipo ndibwerezabe mpaka wina amve.

Musandinamizire kuti ndikuteteza aja amanyoza anzawo. Uja amaseka chilema cha munthu, thupi la mkazi, umphawi wa mnzake, n'kumati "ndimangocheza," ameneyo si wanthabwala, ndi wamwano, ndipo nzeru alibe chifukwa chiseko chake amachigula ndi misozi ya wina. Mnyamata wa mng'ono wanga sanaponde munthu aliyense. Kusiyana kwake mwana wa Grade 3 amakudziwa.

Chinanso chimene chimandinyansa, poti ndayamba kale. Anthu omwewa amene amati woseketsa ndi wachabechabe, ukwati ukafika ndi amene amayamba kumufunafuna. Kitchen party, chilanga mulilo, phwando la mwana womaliza sukulu, "tiitanireni uja, amadziwa kusangalatsa anthu." Amaima maola asanu ndi maikolofoni m'manja, mawu mpaka kusasa, kugwirizanitsa mabanja awiri amene sakuonana ndi diso labwino, kubisa kuti chakudya chachedwa, kuchititsa anthu kuponya ndalama m'mbale. Wa makeke mwamulipira, wa matenti mwamulipira, wojambula mwamulipira. Iye mukumupatsa mbale ya mpunga ndi mwendo wa nkhuku, ati "si amangolankhula chabe." Kangolankhulani inuyo tione ngati anthu 200 angakhale pansi kukumverani! Mwezi wa December pali ukwati wa mwana wa amalume omwewa, ndipo ndamva kale azakhali akunong'ona kuti mnyamata wa ku Kalingalinga uja angathandize pa maikolofoni. Ayi. Muyambe mwabweza mawu aja pamaso pa mng'ono wanga, amene wakhala akulira kuchipinda kwanga masiku asanu tsopano.