CHENJEZO: Wafa ndi wa m'sewero, musalengeze maliro a munthu wamoyo

Ana inu tamverani kuno. Khalidwe ili ndaliona kwa nthawi ndithu nde lero ndati ndiyankhule basi. Munthu akangofa m'masewero apa TV osatha aja, inu mwathamanga kale kukatenga chithunzi cha amene amachita sewerolo, mwaikapo kandulo, mwalemba RIP, mwaponya pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp osalembapo olo kamzere kamodzi konena kuti wafayo ndi wa m'sewero. Koma mukudziwa chomwe mukuchitacho? Mukulengeza maliro a munthu woti nthawi imeneyo ali kunyumba kwake akucheza ndi ana ake.

Ndikuuzeni za Den Watts, mwina mumva. Ameneyu anali mu EastEnders, sewero la BBC lomwe linayamba mu February 1985 ndipo mpaka pano likuonetsedwabe, nkhani yake imachitikira ku Walford, dera longopeka la mu London. Den ndi amene ankayendetsa bala ya Queen Vic, bambo wachimasomaso, wabodza, wozunza mtima wa mkazi wake Angie, mpaka anapereka mimba kwa Michelle, mtsikana wa sukulu yemwenso anali mnzake wa mwana wake Sharon. Mpake kuti ankamutcha Dirty Den. Anthu ankadana naye koma osafuna kuphonya olo tsiku limodzi, moti pa Khrisimasi ya 1986 pamene ankapatsa Angie mapepala othetsa ukwati, anthu oposa 30 miliyoni ku Britain anaonera gawolo, kuphatikizapo omwe anadzaonera litabwerezedwa. Mu February 1989 zigawenga zinamuombera akuyenda m'mbali mwa ngalande, mfuti yake itabisidwa m'maluwa, anangomveka kuti phava m'madzi koma mtembo tsiku limenelo sanauonetse. Aliyense anati wapita. Patatha zaka 14, mu 2003, uyo watulukira ali bwinobwino, kunamveka kuti nthawi yonseyi amabisala ku Spain. Kenako mu February 2005, sewero likukwanitsa zaka 20, mkazi wake wina Chrissie anamumenya m'mutu ndi chitsulo chotsekerezera chitseko, nkumukwirira pansi m'bala momwemo. Apo ndiye anafadi.

Tsono taganizani, Den anafa kawiri konse koma a Leslie Grantham omwe ankachita gawo limeneli anali moyo nthawi yonseyo, anadzamwalira mu June 2018 ali ndi zaka 71. Ndiye kuti mukanakhala inu ndi mafoni anuwa nthawi imeneyo, mukanawaika m'manda bambo amenewa kawiri iwo akuyenda, ndipo yeniyeniyo itafika bwenzi anthu akuti aaa bodza lomwe lija.

Imfa ya m'sewero imachokera pa tebulo la alembi. Wosewera akafuna kusiya kuti akaone zina, kontilakiti ikatha, kapena akuluakulu akaona kuti oonera ayamba kuchepa, amangoti uyu timuphe. Akafuna kuti mwina adzabwerenso mtembo sauonetsa, mmene anachitira ndi Den muja. Ndi ntchito imeneyo, munthu akamaliza kujambula amasamba magazi abodza aja nkukwera galimoto kupita kwawo. Inu nde mumatenga nkhope yake yeniyeni, dzina lake lenileni, nkulemba mzimu wake uuse mumtendere. Ali ndi mayi ake munthu ameneyo, ali ndi abale ena okhala kutali omwe saonera nkomwe sewerolo, akangoona positi yanuyo mtima phaa, ena ndi a BP. Inu mwapeza ma like anu mwagona.

Ndisaiwale enanu otukwana. Munthu woipa wa m'sewero akafa mumapita pa peji ya wosewerayo kukalemba kuti wafa bwino mfiti iwe, ena mpaka kutukwana makolo ake. Manyazi mulibe? Ngati anakupsetsani mtima ndiye kuti ntchito yake amaidziwa, munayenera kumuyamikira. Mawu anawalemba ndi wina, iye anangoloweza.

Chimene chimandiwawa kwambiri nchoti imfa zenizeni ziliko m'masewero omwewa, ndipo zimafunika ulemu womwe inu mukuumwaza pachabe. Mayi June Brown ankachita Dot Cotton mu EastEnders momwemo kuyambira 1985, gogo wokonda kupemphera, fodya osachoka pakamwa. Anamwalira mu April 2022 ali ndi zaka 95, ndipo mu December chaka chomwecho sewerolo linaonetsa maliro a Dot. Ku Coronation Street nako, sewero lomwe linayamba mu 1960, mayi Anne Kirkbride omwe ankachita Deirdre anamwalira mu January 2015 ali ndi zaka 60, alembi anachita kukhala pansi kuti Deirdre nayenso amwalire patapita miyezi ingapo. Pamenepo anzawo ankalira pa kamera akulirira munthu amene anagwira naye ntchito zaka zambirimbiri, misozi imeneyo sinali yochita kuloweza ayi. Nkhani ngati zimenezi zikamafika pa foni ya munthu amene mwamunamiza kale katatu, akhulupirira bwanji?

Kulira munthu wa m'sewero sindikukuletsani, inenso ndinalirapo, munthu ukamuona madzulo aliwonse kwa zaka 10 amakhala ngati wapakhomo. Lirani ndithu koma lembani zomveka, tchulani dzina la m'sewerolo, tchulani sewero lake, nenani kuti ndi gawo la dzulo. Komanso dikirani kaye pang'ono, anzanu ena sanaonere ali ku ntchito, inu mwawaululira kale zonse. Ndipo wina akakutumizirani chithunzi chokhala ndi kandulo, chala chisathamangire kusheyala, yambani mwaona ngati banja lake kapena wailesi ya kanema yomwe amagwirako yanenapo kanthu.

Ma admin a magulupu inunso mukungoyang'ana zimenezi zikudutsa, ena mpaka kuikapo ka emoji kolira. Amene muli ndi mapositi otere pa peji panu mukudzidziwa, pitani mukafufute lero lomwe, ndipo komwe munatumiza kuja mukalembenso kuti munthu uja ali moyo.