Chenjezo kwa ana athu olemba mapulogalamu: CUDA si yanu

Inu achinyamata a kuno ku Chipata amene mumaika mapulogalamu anu a kompyuta pa webusaiti ya GitHub, tamverani kuno. Pamwamba mumalemba monyadira kuti ndi open source, aliyense atenge, asinthe, agawireko mnzake. Koma munthu akati ayatse pulogalamuyo, yayamba kufuna CUDA. CUDA ndi software ya kampani ya NVIDIA yothandiza pulogalamu kugwiritsa ntchito GPU, chipangizo cha zithunzi chowerengera mwachangu m'kompyuta. Inatuluka mu 2007, imagwira pa GPU za NVIDIA zokha, ndipo mkati mwake eni ake sanatsegulire anthu. Mwadzala mango m'munda wobwereka, ana inu.

Sindikuletsani kuigwiritsa ntchito ayi. Ntchito za AI zimafulumira nayo, zimenezo palibe wotsutsa. Chondinyansa ndi mphwayi zanu.

Wina akangogula GPU yatsopano ku Lusaka, usiku womwewo wasintha pulogalamu yonse kuti izifuna CUDA yatsopano, mu README, fayilo ya malangizo, osalembamo kanthu. Kodi mukudziwa kuti CUDA 12, ya kumapeto kwa 2022, inataya GPU za mtundu wa Kepler? CUDA 13 ya mu 2025 inataya mitundu ya Maxwell, Pascal ndi Volta. GPU za GTX 1050 ndi GTX 1060 ndi za Pascal, ndipo ndi zomwe zili m'malaputopu akale amene anzanu amagula kwa anthu. Mwana wa ku Katete kapena ku Lundazi dzulo zimamuyendera, lero kompyuta yangolavula error, iye n'kumaganiza kuti waononga yekha. Akakulemberani, mumayankha kuti "kwanga ikugwira". Ulemu umenewo munaphunzira kuti?

Za bundle ndiye musanene. PyTorch, chida chopangira AI, ikakhala ya CUDA pa Linux imakoka mafayilo opitirira 2 GB, pamene ya CPU, purosesa wamba ya kompyuta iliyonse, ndi yaing'ono kwambiri. Mwana wasunga ndalama ya chakudya, wagula bundle pa kabooth ku Kapata, download ili pakati malaiti apita. Mawa ayambirenso, kukokera zinthu zimene laputopu yake ilibe nazo ntchito, chifukwa inu munachita ulesi kulekanitsa.

Choopsa kwambiri ndi ichi: ena mukukopera mafayilo a CUDA ndi cuDNN, yomwenso ndi ya NVIDIA, n'kuwaponya mu repository yanu ya pa GitHub, pansi pa laisensi ya open source ya MIT kapena GPL ngati munalemba ndinu. Laisensi ya NVIDIA imatchula mafayilo amene mungagawe, ena onse ayi. Mukuyesa a Debian, opanga mtundu wina wa Linux, ndi opusa? Iwo CUDA anaiika ku non-free, gawo la mapulogalamu amene si open source, ndipo pulogalamu ya open source yodalira zinthu zotere imakhala ku gawo lapadera la contrib, silowa mu main, gawo lenileni la Debian. Tsiku lodzabwera kalata yoti muchotse, adzavutike ndi onse amene anamangira ntchito zawo pa yanu.

Musadzitamenso ndi chizindikiro chobiriwira chosonyeza kuti pulogalamu yapambana mayeso. Makina wamba a GitHub Actions, amene amayendetsa mayesowo, alibe GPU, choncho gawo la CUDA lija silinayesedwe n'komwe.

Konzani sabata ino. Pulogalamu iziyamba ndi CPU, ngakhale iziyenda pang'onopang'ono, ndipo CUDA aziwonjezera yekha amene akuifuna. Lembani poyera kuti munayesa ndi CUDA iti, driver iti, pa GPU iti. Pofuna kusiya CUDA yakale, chenjezani anthu nthawi ikadalipo ndipo version yakale muisiye pomwepo. Amene muli ndi mphamvu yang'ananinso njira zina zogwiritsira ntchito GPU, monga ROCm ya kampani ya AMD, Vulkan kapena OpenCL. Ndipo musanatulutse version ina, bwerekani laputopu yopanda NVIDIA kwa mnzanu, muyatsirepo muone.