Ana akuwerenga nyansi zanu pagombe, inu mukuseka?

Ndabwerako ku Likoma mtima ukuwawa, ndipo sindigona ndisanalankhule.

Loweruka m'mamawa ndinatsikira kugombe kukasamba. Ndinapezako ana asukulu, atsikana ndi anyamata, atanyamula chingwe, masaka, sikelo ndi makope. Ndinkayesa abwera kudzagula usipa, koma anayeza mamita 100 m'mbali mwa madzi, kukhoma zikhomo uku ndi uku, n'kuyamba kutola chilichonse cha pulasitiki chimene chinali pakati pa zikhomozo. Mabotolo paokha, zotsekera paokha, majumbo paokha, zidutswa za ukonde, nkhwaira zoduka, timapepala ta mafirizesi, zonse kuwerenga, kuika pasikelo, kulemba m'kope. Mtsikana wina anandifotokozera mwaulemu kuti anawaphunzitsa kubwerera pamalo omwewo mwezi ndi mwezi, kuti aone ngati zinyalala zikuchepa kapena kuchuluka, ndi kuti zikuchokera kuti.

Ndili chiimire pomwepo, bambo wina wa msinkhu wanga, imvi zili mbuu, anamaliza kumwa chakumwa chake n'kuponya botolo pamapazi pa anawo, ati alembenso limenelo m'buku lawo. Anzake amene ankasoka ukonde pansi pa mlambe anaseka mpaka kugwira nthiti. Mnyamata wina anawerama, kutola botololo, kulilemba.

Bambo inu, ngati mukuwerenga izi, imvi zimenezo munazipeza bwanji? Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, nanga dambo likayamba kuyatsa lokha moto ana athawire kuti?

Ndipo musaganize kuti ndikunena bambo mmodziyo. Ndikunena inu amayi amene mumachapa pagombe, mukamaliza pepala la sopo waufa n'kulisiya likuyandama. Ndikunena inu a pa Ilala, amene mukatha kudya tchipisi mumangotambasula dzanja, jumbo n'kugwera m'madzi pakati pa Nkhata Bay ndi Chizumulu ngati pansipo pali wantchito wanu wosesa. Ndikunena asodzi odula ukonde wong'ambika n'kuutaya panyanja, ukonde umene umapitiriza kukola utaka ndi kampango mwini wake ali mtulo kunyumba, nsombazo n'kuwolera momwemo osadyedwa ndi munthu. Masikito amene mwana amayenera kugonamo mwawasandutsa makoka, akatha mwawasiya pamchenga. Nanga matewera a pulasitiki aja? Mwana wadziipitsira, mwakulunga, mwakankhira pansi pa mwala, mafunde abwera atenga. Mawa lake mtsikana wanu yemwe akatunga madzi a phala pamalo omwewo. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inatenga anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, mwaiiwala kale? Maliro aja munkapita kukadya nsima chabe?

Ndikudziwa kale yankho lanu. Mwera ndiye wabweretsa. Zachokera kutsidya ku Cobue, ndi za anthu a ku Mozambique. Ndi za alendo. Eya, mwera umakankha zinthu, palibe akukana. Koma ndinasuzumira m'masaka a ana aja ndi maso angawa. Mapepala ambiri anali a katundu yemweyo wa m'magolosale athu, amene tonse timagula pa Mbamba. Kodi mwera umagula mafirizesi? Mwera uli ndi khanda lovala thewera?

Boma linaletsa majumbo opyapyala, osakwana mamaikuloni 60, mu 2015. Opanga majumbo anathamangira kukhoti, nkhani inakokeka, mpaka khoti la Supreme linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalepo. Zaka zonsezi zapita, koma lero ukagula tomato wa mulu umodzi akuikira m'jumbo, ukagula mandasi awiri jumbo lina, ndipo wogula ndiye amakwiya akapanda kupatsidwa. Madengu aja anapita kuti? Amayi athu ankapita kumsika ndi dengu ndi nsalu, ndipo palibe anafa nazo.

Nyanja iyi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, mtsinje wa Shire ku Mangochi uko. Chimene mwaponyamo chimakhala momwemo. Dzuwa limachiphwanya, mafunde amachipera pamiyala mpaka chisanduke tizidutswa tonga mchenga, usipa umameza, inu n'kudya usipawo ndi nsima, kunyambita zala. Mbuzi zikufa mimba zitatupa ndi majumbo, mukuti zalodzedwa. Alendo amene amawoloka nyanja zamchere kudzaona mbuna za mitundumitundu m'miyala ya pachilumbapa adzabweranso kudzasambira pakati pa matewera? Akasiya kubwera, mudzati boma latitaya.

Ndipo pachilumba mudzataya kuti? Likoma ndi kadziko ka masikweya kilomita 18 okha kukula kwake konse, madzi mbali zonse. Makolo athu anasenza miyala pamutu kuyambira 1903 n'kumanga tchalitchi cha St Peter's chija pa Chipyela, chimene mumajambulitsapo zithunzi zoika pa Facebook. Iwo anasiya chimenecho. Inu mukusiya zotsekera mabotolo.

Chimene chinandipweteka koposa n'choti ana aja sanayankhe mwano. Anamanga masaka awo, kutsazika mwaulemu, kunena kuti abweranso mwezi wamawa. Ana a eni, Loweruka lawo lonse kuthera kuwerama pa uve wa anthu a ndevu, opanda ngakhale magolovesi okwanira, wina atachekedwa chala ndi chitini. M'kope lija mulibe dzina la munthu, koma aliyense wa iwo akudziwa kuti jumbo ili ndi la atate, thewera ili ndi la azakhali.

Mwezi wamawa akadzabwera ndi chingwe chawo, musawaseke. Dzukani pansi pa mlambepo mukatole botolo lanu, bambo.